Za Pachala N'zamphepo: Kodi M'mutu Tisungemo Chiyani?

Nambala ya foni kuno ku Malawi ili ndi manambala 10 okha, ndipo atatu oyambirira timawadziwa kale poti amangosonyeza ngati ndi ya Airtel kapena ya TNM. Otsala ndi 7 basi. Tsono musanapitirize kuwerenga, tatsinzinani pang'ono mutchule pamtima nambala ya mayi anu, kapena ya munthu amene amakulipirirani fizi. Funso limeneli ndafunsapo anzanga angapo ku hositelo. Ambiri amayamba mwamphamvu ndi 099 kapena 088, kenako n'kuyamba kuseka. Koma anthu omwewa, usiku woti mawa kuli mayeso, amatha kulakatula tsamba lonse la manotsi osaphonya liwu.

Sindikulemba izi kuti ndinyoze foni, poti inenso ndikulembera pa foni pomwepo. Nkhani yanga ndi yakuti mutu wa munthu si dzala loti tiziponyamo chilichonse, komanso si nyumba yoti ikhale mbee chifukwa katundu yense tinakasungitsa kwa Google. Pamafunika kusankha. Ndipo muyeso wosankhirawo sindinauphunzire m'kalasi ayi. Ndinauphunzira kwathu ku Likhubula, kwa anthu amene moyo wawo umadalira zimene asunga m'mutu.

Kwa amene simunafikeko, Likhubula ili m'tsinde mwa phiri la Mulanje, mukapatuka pa Chitakale n'kutsata msewu wopita ku Phalombe. Alendo ambiri okwera phiri amayambira pamenepa, pa ofesi ya zankhalango, ndipo ndi pomwe amapeza anthu owaperekeza ndi owanyamulira katundu. Amalume anga agwira ntchito imeneyi kuyambira ndili wamng'ono. Sukulu sanapite nayo patali, koma mukayenda nawo m'phiri mudzazindikira kuti m'mutu mwawo muli mapu. Amadziwa pamene njira ya Skyline imasiyana ndi ya Chapaluka, kamtsinje kamene sikaphwa ngakhale mu Okotobala, ndiponso mwala umene umaterera ngati sopo kukagwa mame. Amadziwa kuti munthu wa miyendo yotere, akanyamuka pa nyumba yogona alendo ya Chisepo nthawi yakuti, ayenera kukhala atatembenuka pa Sapitwa dzuwa lisanafike pakuti.

Chimene chinandidabwitsa nditakula ndi zinthu zimene amalume amakana kuloweza. Mlendo akafunsa mtengo wogonera m'nyumba za m'phiri, iwo amangoti, "Tikafunse ku ofesi." Tsiku lina ndili pa holide ndinawaseka. Ndinati, "Malume, zaka zonsezi simudziwabe mtengo wake?" Iwo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Inu a kuyunivesite, mtengo ukandisokonekera ndifa? Ofesi ili pompo, siithawa. Koma chiperoni chikatipeza pamwamba paja, ofesi ndine."

Chiperoni ndi mphepo yozizira ija yobwera ndi nkhungu ndi mvula yowaza m'miyezi yachisanu, ndipo dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Chikakuta phiri, munthu amene ali mapazi 10 patsogolo pako sumuona. Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002, ndipo pamwamba pake ndi miyala yokhayokha yofanana. Mu Julaye 2009, mnyamata wina wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, anakwera yekha chakumapeto kwa ulendo wake, nyengo n'kusintha, ndipo thupi lake linapezeka patapita masabata oposa awiri. Anali wophunzira kwambiri, woyenda mayiko ambiri. Chimene chinasowa tsiku limenelo si nzeru, koma chidziwitso cha malowo, chokhala m'mutu, pa ola limene chinafunika.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Masiku ano chidziwitso chathu chonse chili pachala ndithu, chala chimene timapalasa nacho pa galasi la foni. Nthawi zambiri palibe vuto. Koma mphepo ikabwera, timazindikira kuti sichinali chathu.

Mphepoyo inabweradi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osalekeza m'chigawo cha kummwera. Mapiri anagumuka ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu ndi pa Soche mu Blantyre. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Kwathu makolo amati kwadutsa Napolo, monga ananenera mu 1991 madzi ndi miyala zitasesa Phalombe. Magetsi anazima, milatho inaduka, netiweki inkabwera n'kuchoka. Ine ndinali kusukulu, ndipo masiku atatu sindinamve chilichonse chochokera kunyumba. Tsiku lachinayi inalowa nambala yachilendo. Anali achemwali anga. Foni yawo inali itanyowa n'kufa, koma anapeza munthu wina amene foni yake inali ndi moto pang'ono, n'kumupempha mphindi imodzi. M'foni ya munthuyo munalibe dzina langa. Nambala yanga inachokera m'mutu mwa achemwali. Mawu awo anali ochepa: "Tonse tilipo, usadandaule." Sindidziwa mtengo wa manambala 10 amenewo.

Pambuyo pake achemwali anandifotokozera zimene anaona pamalo ena pamene anthu anasonkhana nyumba zawo zitagwa. Mabuku a kuchipatala anali atapita ndi madzi. Azaumoyo akafunsa gogo wina kuti, "Agogo, mumamwa mankhwala anji?" yankho linali lakuti, "Timapiritsi toyera, tating'onoting'ono." Koma timapiritsi toyera tilipo mitundu yambirimbiri. Wodwala BP, shuga, khunyu kapena amene ali pa ma ARV sayenera kudumphitsa masiku, ndipo amene ankadziwa dzina la mankhwala ake ndi mlingo wake ankathandizidwa mosavuta kusiyana ndi amene ankangofotokoza mtundu wa piritsi.

Kuchokera pa zonsezi, ine ndimadzifunsa mafunso angapo ndisanaganize zoloweza kanthu kapena kukasiya m'foni.

Loyamba: kodi chinthuchi ndidzachifuna pa nthawi imene foni singandithandize? Foni imatha moto, imabedwa m'minibasi, imagwera m'madzi, bandulo imatha. Ndipo zimenezi sizichitika pa nthawi yabwino. Foni ikabedwa ndi pamene umafunitsitsa kuimbira munthu. Choncho manambala atatu kapena anayi a anthu amene angadzuke usiku chifukwa cha iwe ayenera kukhala m'mutu. Chimodzimodzinso nambala ya chiphaso cha unzika, zija bungwe la NRB linayamba kulembetsa dziko lonse mu 2017. Ndi zilembo ndi manambala 8 okha, koma chikwama chikatayika ndi zimene zimafulumizitsa zinthu kupolisi, kubanki ndi pobwezeretsa simukhadi. Onjezanipo 116, nambala yaulere yokanenako za nkhanza zochitikira ana. Mwana wa mnansi akamamenyedwa usiku, si nthawi yoyamba kufufuza pa intaneti.

Lachiwiri: ngakhale foni ilipo, kodi padzakhala mpata woifunsa? Pali zinthu zimene zimafunika m'mphindi zochepa. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo kolera amapha pomaliza madzi m'thupi, nthawi zina m'maola ochepa chabe. Paketi ya Thanzi ORS ikasowa, pali muyeso wodziwika wopangira pakhomo: lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, wodwalayo azimwa muli pa ulendo wopita kuchipatala. Manambala atatu okha: 1, 6 ndi theka. Wophunzira amene amasunga m'mutu mayina a osewera onse a Manchester United sangalephere zimenezi. M'gulu lomweli muli gulu la magazi ako, komanso mankhwala amene thupi lako limadana nawo. Ngati unatupapo kapena kutuluka zilonda utamwa Bactrim kapena Fansidar, dzina limenelo uzilitchula ngakhale uli m'tulo, ndipo mnzako wogona naye chipinda chimodzi alidziwenso.

Lachitatu: kodi chinthuchi chimakhalitsa, kapena chimasintha mawa? Apa ndi pamene amalume ankanena zoona pa nkhani ya mitengo. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo aliyense amene ankanyadira kuti amadziwa mtengo wa shuga, wa simenti ndi wa minibasi yochokera ku Limbe kupita ku Mulanje anadzuka ndi mutu wodzaza zinthu zakale. Mitengo, ndandanda ya makalasi, chipinda cholembera mayeso, tsiku lomaliza kupereka asayimenti: zonsezi zilembedwe, ndipo foni izikukumbutsa. Kuziloweza n'kuwononga malo, komanso n'koopsa, chifukwa munthu amakhulupirira kwambiri chimene chili m'mutu mwake ngakhale chitasintha kale. Taonani za magetsi olipiriratu. Tokeni ili ndi manambala 20 ndipo imagwira ntchito kamodzi kokha, ndiye woiloweza ndi wosowa chochita. Koma nambala ya mita ndi yomweyo chaka ndi chaka, ndipo uli nayo m'mutu ukhoza kugulira makolo ako mayunitsi uli kulikonse.

Lachinayi: kodi chikalembedwa, chikhoza kundipweteka? Pali zinthu zochepa zimene malo ake ndi m'mutu mokha. PIN ya Airtel Money, ya Mpamba kapena ya khadi la kubanki ikalembedwa kuseri kwa kope kapena kusungidwa m'foni momwemo pa dzina loti "PIN", ndiye kuti wakuba wapatsidwa nyumba ndi kiyi yemwe. Ndipo kusankha chaka chobadwa kuti usavutike kukumbukira n'chimodzimodzi kusatseka chitseko, poti chaka chimenecho chili pa chiphaso chimene chili m'chikwama chomwecho. Kudziwa nambala pamtima kumatetezanso kwa akathyali aja otumiza uthenga woti, "Ndine mchimwene wako, ndasintha nambala, tumiza ndalama msanga ndili pa mavuto." Amene akudziwa nambala yeniyeni ya mchimwene wake amangoiimba kaye, nkhani n'kuthera pomwepo.

Funso lachisanu ndi limene ife ophunzira timaliiwala, ndipo kwa ine ndi lalikulu: kodi chinthuchi ndi chimene chimandithandiza kuyeza zina zonse? Google imayankha chimene wafunsa, koma siikuuza kuti apa pakufunika kufunsa. Munthu wa katapila akakuuza kuti chiwongoladzanja ndi "20 peresenti yokha pamwezi", m'mutu mwako muyenera kulira belu nthawi yomweyo: pa K50,000 ndiye K10,000 mwezi uliwonse, ndipo pachaka ndi K120,000, ngongole yeniyeniyo usanaikhudze. Wina akamagulitsa munda n'kumasakaniza maekala ndi mahekitala, wodziwa kuti hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka sapusitsidwa. Uthenga wa pa WhatsApp ukanena kuti m'boma la Mulanje mwafa anthu 2 miliyoni, wodziwa kuti kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 17.5 miliyoni m'dziko lonse amadziwa kuti ili ndi bodza asanautumize kwa ena. Chidziwitso chotere chili ngati miyala ya pa sikelo. Popanda miyalayo, chilichonse chimene wogulitsa wanena ndi kilogalamu.

Ndikudziwa zimene ena anene. Adzati kuloweza ndi kumene kwapha maphunziro athu, ndipo ndikugwirizana nawo mbali ina. Tonse tinadutsa m'manja mwa MANEB. Tinaloweza mitsinje ya ku Canada ndi zigawo za duwa, n'kuzikhuthula pa pepala, pofika Ogasiti zonse zitauluka. Koma vuto silinali kuloweza. Vuto linali lakuti wina ndiye ankatisankhira zoloweza, ndipo cholinga chake chinali tsiku limodzi la mayeso. Titatopa nazo, tinataya nkhwangwa pamodzi ndi mpini womwe.

Ena adzati mantha amenewa ndi akale, ndipo akunena zoona. Zaka zoposa 2,300 zapitazo, Plato analemba m'buku la Phaedrus nkhani imene Socrates anasimba, ya mfumu ya ku Egypt imene inakayikira luso la kulemba poopa kuti anthu adzasiya kukumbukira. Dziko silinathe, ndipo nkhaniyo tikuidziwa lero chifukwa choti inalembedwa. Mu 2011, Betsy Sparrow wa ku Columbia University ndi anzake anasindikiza kafukufuku m'magazini ya Science wosonyeza kuti anthu akauzidwa kuti chinthu chasungidwa pa kompyuta, sachikumbukira kwenikweni, koma amakumbukira bwino pamene chasungidwa. Ine sindiona choipa pamenepo. Ndi zomwe amalume amachita ponena kuti "tikafunse ku ofesi". Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anaganizira bwino za tsiku limene ofesi idzakhala kutali, pamene ambirife sitinaganizepo.

Ndipo mutu sudzaza msanga monga timaopera. Ku London, woyendetsa takisi zakuda zija amayenera kuloweza misewu pafupifupi 25,000 asanapatsidwe chilolezo, ntchito imene imatenga zaka zitatu kapena zinayi. Mu 2000, Eleanor Maguire wa ku University College London anapeza kuti mbali ina ya ubongo yokhudza kukumbukira malo inali yokulirapo mwa madalaivala amenewa kuyerekeza ndi anthu ena. Ndikawerenga zimenezi ndimaganiza za anyamata a kwathu amene amathamanga mpikisano wa Porters' Race, kukwera phiri kuchokera ku Likhubula n'kutsikanso, phazi likudziwa lokha mwala woti lipondepo. Zimene ndikupempha ine si misewu 25,000. Zonse ndatchula pamwambapa sizingadzaze tsamba limodzi la kope.

Nanga tingaziloweze bwanji kuti zikhalitse? Kale mu 1885, Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anasonyeza kuti chinthu chatsopano timachiiwala mofulumira kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, ndipo kuti kubwereza motalikitsa nthawi kumathandiza kuposa kubwereza kambirimbiri tsiku limodzi. N'chifukwa chake zoloweza usiku wa mayeso sizifika Lolemba. Njira imene ine ndimagwiritsa ntchito ndi yophweka. Ndikafuna kuimbira amayi, sindisaka dzina lawo m'foni. Ndimalemba nambala yonse ndi chala, ndikuidula m'magulu atatu: manambala anayi, atatu, atatu. Pakatha sabata ziwiri chala chimayenda chokha. Nambala ya chiphaso ndimayamba kuilemba pamtima pa fomu iliyonse, kenako n'kutulutsa chiphasocho kuti nditsimikize. Mayina a mankhwala a agogo ndimawatchula mokweza nthawi iliyonse ndikawaperekeza kuchipatala, iwonso n'kubwereza. Palibe nthawi yapadera imene ndimapatula. Ndimangosiya kuthawa kantchito kakang'ono kamene foni imandichitira.

Pali mbali inanso ya nkhaniyi imene kwathu imandidetsa nkhawa, ndipo ndi yotembenuza. Ife achinyamata tili ndi zambiri zolembedwa ndi zochepa m'mutu. Akuluakulu athu ali ndi zambiri m'mutu zimene sizinalembedwe paliponse. Agogo anga amadziwa malire a munda wathu: kuyambira pa mtengo wa mango, kutsata kakhwawa, mpaka pa chulu. Amadziwa amene analipo tsiku limene amfumu anagawa malowo. Amadziwa pamene madzi anafika mu 1991, ndiye chifukwa chake anakaniza amalume kumanga nyumba pamalo ena ooneka abwino m'mbali mwa mtsinje. Mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse chifukwa cha chikhalidwe ndi zikhulupiriro za anthu olizungulira, Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe. Koma chikhalidwe chimenecho sichili m'miyala. Chili m'mitu ya anthu okalamba amene akudziwa chifukwa chake dziwe lija la pa mathithi a Likhubula limatchedwa Dziwe la Nkhalamba, ndi malo amene mkungudza unali wothithikana usanathe ndi macheka. Mtengo wa mango ukhoza kudulidwa, chulu chikhoza kugumulidwa ndi oumba njerwa, ndipo agogo sadzakhalapo mpaka kale.

Choncho kusankha kumene ndikunenaku kuli ndi mbali ziwiri. Zina zichoke m'foni zilowe m'mutu. Zina zichoke m'mitu ya agogo zilowe m'kope, m'foni, ndi m'mitu yathu. Chinthu chofunika kwambiri chisakhale pamalo amodzi okha, kaya malowo ndi foni ya K300,000 kapena mutu wa gogo wa zaka 80. Holide yapitayi ndinayenda ndi agogo m'malire a munda uja, iwo akuloza, ine ndikulemba ndi kujambula. Titamaliza anandiuza kuti, "Tsopano tseka bukulo, unene wekha." Sanakhutire mpaka nditatchula zonse bwinobwino kawiri.

Mndandanda wanga lero ndi uwu: manambala anayi a foni, nambala ya chiphaso, nambala ya mita ya kunyumba, ma PIN awiri, gulu la magazi anga, mankhwala awiri a agogo ndi milingo yake, muyeso wa madzi a shuga ndi mchere, malire a munda, ndi njira yochokera kunyumba kupita kumtunda yosawoloka mtsinje. Zina zonse, kuyambira tsiku lobadwa la mnzanga mpaka mtengo wa bandulo, foni isenze, ndiyo ntchito yake.

Wanu sungafanane ndi wanga. Amene amakhala ku Ndirande kapena ku Area 25 alibe chiperoni choti aziope, koma ali ndi tsiku lake limene foni idzakhala chete pamene iye akufuna thandizo. Taganizirani tsiku limenelo mofatsa, muone kuti mudzafuna kudziwa chiyani, ndipo muyambe ndi nambala imodzi sabata ino. Mukakumana ndi mnzanu pa kampasi, mufunseni kuti, "Foni yako itatayika lero, ungaimbire ndani?" Akayamba kuseka, musaseke naye nthawi yaitali. Mubwerekeni cholembera.